A Namabotolo Atchulidwa

Ine ntchito yanga ndi ya tsitsi. Ndimaluka, ndimawongola, ndimadaya, ndipo pakamwa panga sipapuma kuyambira potsegula saluni mpaka potseka. Makasitomala anga nkhani za kwathu amazidziwa kuposa za kwawo, koma imene ndimawapatsa kawirikawiri, makamaka mutu ukakhala m'manja mwanga alibe kothawira, ndi ya achemwali anga aakulu, amene kwathu timawatcha a Namabotolo.

Dzinali anawapatsa ndi bambo athu. Ali mwana, achemwali ankatola mabotolo paliponse: a mankhwala a chifuwa, a inki, a mafuta odzola. Ankawatsuka n'kuthiramo madzi a m'ngalande, kapena nyenyeswa za buledi, kapena tsamba lowola, kenako n'kuwandandalika kunsi kwa bedi lathu kuti aone chimene chimeremo. Zinkameradi. Zina zobiriwira, zina zakuda, zina zaubweya ngati kamwana ka mphaka. Ine ndakula ndikugona pamwamba pa munda umenewo. Tsiku lina botolo limodzi linaphulika amayi akusesa, fungo lake n'kuthamangitsa ndi galu wa aneba yemwe. Amayi anatembenuza tsache kuti chogwirira chigwire ntchito ina, koma bambo, amene anali wokonza mawotchi ndipo kupupuluma sankakudziwa, anati, "Musiyeni Namabotolo wangayo. Mwana wofunsa mafunso kwa buledi wowola sadzativutitsa ndi anyamata."

Kusukulu anali mutu weniweni. Atasankhidwa kukaphunzira udokotala, amayi anauza msewu wonse, mpaka wogulitsa makala anayamba kuwaitana kuti amake dokotala. Koma tsiku loyamba kulowa m'chipinda cha opaleshoni, dokotala wamkulu atangoyendetsa mpeni, achemwali anaona mdima n'kugwa chagada, mutu pa ndowa. Tsiku limenelo m'chipindamo munasokedwa anthu awiri. Anayesanso ulendo wina, anagwanso, kungoti anzawo anali atakonzeka, anawawakha. Mphunzitsi wina wachifundo anawaitanira pambali n'kuwauza kuti, "Mtsikana iwe, mutu uli nawo, koma magazi otuluka mwa munthu si ako. Pita ku labu. Kumeneko magazi amabwera ali kale m'botolo."

Amayi zinawawawa. "Dokotala wanji wosabaya jakisoni?" ankatero. Patapita zaka achemwali analandira digiri yaikulu ya kafukufuku, imene mwini wake amatchedwanso dokotala, ndipo anzawo a amayi anayamba kubwera ndi maondo otupa. Achemwali ankawalandira mwaulemu n'kuwauza kuti apite kuchipatala. "Waphunzira zaka zonsezi kuti uzitilozera njira ya kuchipatala?" anafunsa mayi wina, akunyamuka ndi bondo lake.

Labu yawo ndimaidziwa bwino chifukwa tsitsi lawo ndinkachita kulilondola. Nthawi yokhala pa mpando wa saluni analibe. Ndinkapita masana nthawi yopuma, ndi chipeso ndi ulusi, n'kuwaluka pakhonde, popeza mkati chipeso salola. Chinali chipinda chachitali kuseri kwa chipatala, moyandikana ndi kochapira nsalu za odwala. Pa zenera ndinkaona matebulo a matailosi oyera osweka m'makona, kamoto kabuluu koyaka tsiku lonse, firiji yakale imene chitseko chake ankachimanga ndi lamba, ndi mabotolo osawerengeka. Akamatuluka, m'maso munkakhala timizere tozungulira tosiyidwa ndi maikulosikopu, makina oonera tizilombo, ndipo ankandiyang'ana motsinzinira ngati akudabwa kuti pali zamoyo zazikulu chonchi.

Alamu anga anawapeza ku sukulu yoyendetsa galimoto, kumene alamuwo anali mphunzitsi. Amati pa anthu onse amene anawaphunzitsapo, achemwali okha ndi amene anaimitsa galimoto pakati pa msewu kuti afunse chimene chimachitika mkati mwa injini munthu akaponda kilatchi. "Ndinaona kuti mafunso awa sangathe pa maphunziro a mwezi umodzi," amatero alamu, "ndiye ndinangowakwatira." Laisensi anaipeza mwana wawo woyamba atayamba kale kuyenda.

Kafukufuku wa achemwali anali wa maso a makanda. Pali ana ena amene akangobadwa maso amatupa n'kumatuluka mafinya, ndipo thandizo likachedwa mwana amatha kuchita khungu moyo wake wonse. Tizilombo toyambitsa zimenezi tilipo ta mitundu ingapo, mankhwala akenso ndi osiyana. Chimene achemwali anaikapo mtima chinali kufufuza chifukwa chake tizilombo tina tayamba kuuma mutu, osamva mankhwala amene kale ankagwira ntchito. Ankati imeneyo ndiyo ntchito ya moyo wawo.

Koma panali chopinga. Anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono zakutali ankapukuta diso la mwana ndi kathonje, n'kuika m'botolo, n'kutumiza ku labu pa galimoto. Tsoka ilo, mtundu woopsa kwambiri ndi umenenso suchedwa kufa ukachoka m'thupi. Kukatentha pang'ono, wafa. Kukazizira kwambiri, wafa. Galimoto ikachedwa m'njira, wafa. "Timeneti n'tonyada," ankatero achemwali ndikuwaluka. "M'diso la mwana n'tamphamvu ngati chimphona, koma ukati tiyeni ku labu tikadziwane, tafa kale." Botolo likafika ankapeza mulibe chamoyo, ndipo dokotala ankangopereka mankhwala mongoganizira.

Analipo madzi apadera osungira tizilombo pa ulendo, amene ife kwathu tinkangoti msuzi. Koma ankachokera kunja, ankafika mwa apo ndi apo, ndipo ankafuna firiji. Chaka china msuziwo unatheratu. Achemwali anayamba kusakaniza wawo ndi zimene zinali pa shelefu: apa awonjezere mchere wakuti, apa achepetse, apa athire ufa wakuda wonga makala. Wambiri unkakanika, ndipo makoti awo oyera anasanduka a mawangamawanga.

Ndiye kunabwera Loweruka lina limene magetsi anazima, jenereta nayo n'kukana kudzuka mpaka Lolemba. Lolemba m'mawa atatsegula chitseko, onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Ntchito ya miyezi yambiri inali itawola. Anzawo anayamba kukhuthulira zinthu m'ndowa, wina akugwetsa misozi. Achemwali sataya botolo asanaone zimene lasunga, choncho anatenga thireyi ya msuzi wawo woyesera imene inatsala pa tebulo, n'kubzala za m'menemo pa timbale tomeretsera tizilombo. Mawa lake timbale ta mzere umodzi tinali titamera tidontho totuwa, tonyezimira ngati mame.

Anandiimbira foni ndili pakati powongola tsitsi la mkwatibwi.

"Iwe, tili moyo!"

"Ndani ali moyo, achemwali? Mwachita ngozi?"

"Tizilombo! Masiku onsewa pa kutentha, popanda firiji, tili moyo!"

Ndinauza mkwatibwi uja kuti achemwali anga akusangalala chifukwa matenda sanafe. Anangondiyang'ana pa galasi.

Ine ndinkayesa nkhani yathera pomwepo, mawa tiwaona pa wailesi ya kanema. Ayi ndithu. Anatha zaka akubwereza chinthu chomwechomwecho kuti atsimikize kuti sunali mwayi chabe. Mabotolo ena ankawasiya padzuwa, ena m'kabati, ena ankawatsekera m'bokosi lomata bwino n'kuika kumbuyo kwa galimoto ya alamu kuti azizungulira nawo tauni tsiku lonse, ophunzira akuwagwedeza ndi mabuleki awo adzidzidzi. Alamu ankati mabotolo amenewo akanapita kukayesedwa akanakhoza laisensi ulendo woyamba.

Kenako analemba pepala. Anthu a sayansi akapeza chinthu amachilemba m'magazini awoawo, amene ine ndi inu sitingawapeze pa sitolo, ndipo pepala lisanasindikizidwe limayamba lawerengedwa ndi akatswiri ena obisika mayina. Magazini yoyamba inalibweza. Yachiwiri inalibwezanso, katswiri wake atalemba kuti iyi si sayansi koma kaphikidwe. Achemwali anakhala sabata yathunthu osaseka. Alamu anawauza kuti, "Mayi, munthu ameneyo sanalawepo zophika zanu. Akanalawa, sakanakunamizirani kuti mumadziwa kuphika." Anagendedwa ndi pilo, koma kuseka kunabwerera m'nyumba.

Pomaliza kamagazini kena kakang'ono kanalandira pepalalo. Linali lalifupi, lotha kuwerenga tiyi asanazizire. Achemwali anapita nalo kwa bambo, amene nthawi imeneyo maso anali atayamba kuwathawa. Bambo anavala kagalasi kawo koyang'anira mkati mwa wotchi, anayenda nako mzere ndi mzere ngakhale sankamva n'chimodzi chomwe, mpaka anabwerera pamwamba pamene panali dzina.

"Ili ndi dzina langa ili," anatero.

"Ndi lanu, bambo."

"Ndiye kuti ndalowa m'buku osalemba mayeso." Anavula kagalasi kaja n'kupukuta diso nthawi yaitali, akunamizira fumbi.

Bambo anatisiya chaka chotsatira. Pepalalo tinalipachika pa khoma kwa amayi pafupi ndi kalendala, ndipo kwa zaka zingapo linangokhala phee, kalendala yekha n'kumasinthidwa.

Apa ndifotokoze kanthu kamene inenso ndinachedwa kukamvetsa. Kwa anthu a kafukufuku, ulemu suli pa galimoto kapena pa suti. Wina akamalemba pepala lake atagwiritsa ntchito nzeru zako, kumapeto amaikako dzina lako ndi la pepala lako. Kumeneko amati kutchulidwa. Makompyuta amawerengera kuti uje watchulidwa kangati, ndipo akuluakulu akafuna kukweza munthu pa ntchito amayang'ana pamenepo. Pepala losatchulidwa lili ngati sitayilo ya tsitsi imene waiyambitsa koma palibe wabwera kudzati mundiluke ngati uja. Achemwali zinkawadya mumtima. Tsiku lina pakhonde paja anandiuza kuti kampani ina yopanga sopo ikuwafuna, ndipo mwina angopita, popeza sopo anthu amamuona.

Asanaganize bwino za sopoyo, Lamlungu lina masana tili tonse kwa amayi, anayang'ana pa foni n'kukuwa, "Ndatchulidwa!"

Amayi anagwetsa supuni. "Watchulidwa? Pa mlandu wanji?"

"Si mlandu, amayi. Pulofesa wina wa dziko lakutali wanditchula."

"Wakutchula kuti munali limodzi? Ine ndinkanena kuti mabotolo amenewa adzatiitanira apolisi. Ukakane! Ukanene kuti sukumudziwa!"

"Sindikumudziwadi."

"Eya, ukatero kumene."

Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Koma achemwali atawerenga bwinobwino, nkhope inagwa. Pulofesayo anawatchula kuti awatsutse. Analemba kuti iye ndi gulu lake anatsatira njira ya m'pepala lija mzere ndi mzere, ndipo tizilombo tonse tinafera m'njira. Mawu ake omaliza, achemwali atatimasulira, anali akuti zimenezi sizitheka. Kuyambira tsiku limenelo mkulu ameneyo kwathu ndi a Sizitheka.

"Mwaona?" anatero amayi akutola supuni. "Ndinati ndi mlandu."

Za sopo zinathera pomwepo. Chimene chinawasowetsa mtendere achemwali n'chakuti munthuyo sanali wabodza kapena wansanje. Mapepala ake ankawadziwa, anali munthu wosamala pa ntchito. Anasakanizanso msuzi, unagwira ntchito. Anawerenganso pepala lawo, sanapezemo cholakwika. Analembera a Sizitheka kufunsa za madzi awo, za mchere, za mtundu wa mabotolo. Zonse zinali zofanana.

Amene anawatsegula maso anali alamu, mosadziwa, akudandaula za ntchito yawo. Ankati chovuta pophunzitsa galimoto n'chakuti mapazi ako amachita zinthu zimene pakamwa pako sipazidziwa, ndipo umazizindikira pokhapokha wophunzira akazimitsa galimoto pa mphambano. M'mawa mwake achemwali anapempha mnzawo wa ku chipinda choyezera magazi, mayi amene anali asanapangepo msuziwo, kuti aupange potsatira pepala lokha. Achemwali anakhala pa mpando atakhalira manja, atalonjeza kuti satsegula pakamwa.

Mayiyo anayeza, anasakaniza, anawiritsa. Atangophula, anatenga kabotolo komaliza, kamene muli chakudya chenicheni cha tizilombo, kuti athire.

"Dikirani!" anakuwa achemwali.

"Paja mwati simulankhula."

"Koma mukuthira kukadali moto! Mupsereza zonse!"

"Pepala lanu likuti wiritsani, kenako thirani. Kudikira kuli pati?"

Achemwali analanda pepalalo, anayang'ana, n'kubwerera pa mpando. "Ine ndikaphula ndimapita kukamwa tiyi," anatero. "Ndimathira ndikabwerako."

Anaseka awiriwo mpaka wochapa nsalu anasuzumira pa zenera kuti aone ngati kuli bwino. Kenako anatenga choyezera kutentha, anapeza mlingo weniweni umene msuzi uyenera kuzizira, ndipo tsiku lomwelo analembera a Sizitheka kuvomera kuti pepala linadumpha sitepe. A Sizitheka anayesa. Yankho lawo linali lalifupi: zatheka, ndipo ndinu munthu woyamba kundithokoza chifukwa chokutsutsani. Awiriwo analemba limodzi pepala lachiwiri lokonza loyamba lija.

Apa ndiye zinthu zinasefukira. Anthu a m'mayiko otentha, kumene misewu ndi yaitali ndipo magetsi ndi a mwayi, anayamba kupanga msuziwo. Ena anapeza kuti umasunganso tizilombo ta pakhosi, ena ta m'makutu, wina mpaka ta matenda a ng'ombe. Aliyense polemba ankatchula achemwali. Poyamba ankatiuza mmodzimmodzi: lero wa ku chilumba chakuti, lero wa ku chipululu chakuti. Alamu anagula mapu a dziko lonse n'kumabaya kaphini paliponse pochokera wowatchula, mpaka khoma la pabalaza linayamba kuyoyoka. Kutchulidwa kunachoka pa makumi kufika pa mazana, kenako anasiya kutiuza.

Kenako anaitanidwa kukalankhula ku msonkhano waukulu kunja. Munthu wosaopa tizilombo ameneyu, gulu la anthu amaliopa ngati moto. Anabwera ku saluni Loweruka masana, nthawi imene kumadzaza, n'kupempha kuti ayeserere pa makasitomala anga. Anaima pakati pa magalasi, mapepala ali m'manja, n'kuyamba. Mayi wina anagona m'chowumitsira tsitsi. Wina anakweza dzanja kufunsa ngati msuziwo ungathandize tsitsi lothothoka. Wachitatu, amene amagulitsa nsapato pafupi nafe, anati, "Mayi, nkhani yanu ndi yabwino, koma mukuiuza nsapato zanu. Tiyang'aneni ife." Achemwali anadzutsa mutu, anayambiranso, ndipo atafika pa tiyi paja saluni yonse inaphulika, wogona uja n'kudzidzimuka. Atabwerako ku msonkhano anati maprofesa anaseka pamalo pomwepo, koma mafunso awo sanafike pa a ku saluni.

Panabuka kavuto kamodzi. Pa mapepala oyamba achemwali ankalemba dzina la bambo athu lokha, pa a pambuyo pake anawonjezera la alamu. Kompyuta inaganiza kuti ndi anthu awiri n'kuwagawira kutchulidwa kuja pakati. Nthawi yoti akwezedwe kukhala pulofesa itakwana, komiti inaona theka lokha n'kunena kuti adikire kaye.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndili pa mitala osadziwa?" anafunsa alamu. "Nanga winayo bwanji sabwera kudzandithandiza kuchapa?"

Zinatenga miyezi kuti akazi awiriwo alumikizidwe kukhala mmodzi, ndipo upulofesa unabwera. Tsiku la phwando lake achemwali anakhala pa mpando wa saluni bwinobwino ngati kasitomala, koyamba chibadwire, ine n'kuwaluka mosathamanga.

A Sizitheka anabwera ku phwandolo. Tinkayembekeza chimunthu chaukali, koma m'galimoto munatsika kankhalamba kakafupi, kadazi, kamanyazi, katanyamula bokosi la masamba a tiyi ngati mphatso. Amayi, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anakayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndi ameneyu anakusumira uja?"

Achemwali anamasulira zina, osati zimenezo. Mkuluyo anawerama n'kugwira dzanja la amayi ndi manja awiri.

"Umuuze kuti ndamukhululukira," anatero amayi, "koma asadzayambirenso."

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ntchito yaikulu ija, ya tizilombo tosamva mankhwala, anaimalizanso. Inawadyera zaka zambiri, ndi pepala lalitali lodzaza manambala, ndipo iwo amati ndi limene analemba bwino koposa onse. Otchula pepala limenelo ndi ochepa, ungawakhazike onse pa tebulo limodzi. Ndinawafunsa ngati sizimawawawa.

"Zimandiwawa pang'ono," anavomera. "Zili ngati uli ndi ana awiri, wina wamuvutikira mpaka wamaliza sukulu, koma tauni yonse ikudziwa amene amaimba bwino mluzu. Nanga utani? Onse ndi ako."

Chaka chatha ndinapita kukaona mwana wanga kumene anakwatiwa, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ndinamuperekeza ku sikelo ndi khanda lake. Tili pa benchi ya kachipatala ka kumeneko, patsogolo pathu panali mtsikana wina ndi khanda lotupa maso. Namwino anatsegula kabati, anatulutsa kabotolo ka madzi akuda, anapukuta diso la mwanayo ndi kathonje, n'kuviika, n'kutseka, n'kuika m'bokosi loyembekezera galimoto. Madzi amenewo sindingawasokoneze ndi ena.

"Anamwino, pepani, timabotolo timeneti anapanga ndani?"

"Timangobwera m'katoni, mayi."

"Koma anayambitsa ndani?"

Anatembenuza kabotoloko. Panali dzina la fakitale ndi tsiku lotha ntchito, basi. "Kaya," anatero. "Ine ndinatipeza tilipo. Mwina ndi a kunja."

Ndinatsala pang'ono kukwera pa benchi n'kuchititsa msonkhano. Mwana wanga anandikoka diresi. Ndinatuluka panja n'kuimba foni.

"Achemwali, akuberani! Msuzi wanu uli kuno, dzina lanu palibe, namwino sakukudziwani n'komwe!"

"Uli kuti iwe?"

Ndinawauza.

"Kutali konseko? Nanga anautulutsa mu firiji kapena m'kabati?"

"M'kabati. Koma mukumva zimene ndikunenazi?"

"M'kabati!" Ndinamva akuwomba m'manja, foni ataipanira paphewa. "Nanga mwanayo mankhwala amupatsa?"

"Amupatsa oyambira. Ati zotsatira zikabwera aona ngati asinthe."

"Basi, ndi mmene ziyenera kukhalira."

Ine ndinaumirirabe za dzina. Anandiuza kuti njirayo sanaibise kapena kuigulitsa, anaisiya poyera kuti wofuna apange. Anatinso ngakhale pa kompyuta kutchulidwa kuja kwayamba kutsika, chifukwa achinyamata olemba mapepala masiku ano amangoti tinagwiritsa ntchito msuzi wa masiku onse, osatchula munthu.

"Ndiye mukusangalala kuti akukuiwalani?"

"Iwe, ukamamanga zingwe za nsapato umatchula amene anayambitsa mfundo? Chinthu chikafika poti anthu akuchiyesa chachikhalire, ndiye kuti chafika kumene chinkapita. Tabwerera mkati, ukandifunsire namwinoyo ngati chitsekero sichimuvuta kutsegula atavala magolovesi. Ndakhala ndikuwauza a ku fakitale kuti n'cholimba, koma samva."

Ndinabwerera, ndinafunsa. Namwino anati n'cholimbadi, moti nthawi zina amachita kupana ndi sizasi mwana akulira m'manja mwa mayi ake. Ndinamupempha kuti anene yekha pa foni, ndipo analankhula nthawi ndithu, osadziwa kuti akulankhula ndi ndani. Pobweza foni anati, "Mayi amenewa mafunso! Ndi a ku fakitale?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe nkhani yonse kuchokera kunsi kwa bedi, koma dzina la mdzukulu wanga linaitanidwa, mzere n'kusuntha.

Achemwali tsopano imvi zachuluka, ndipo akukana kuti ndizidaye. Anapuma pa ntchito mwa dzina lokha. Labu inasamukira m'nyumba yatsopano ya magalasi, koma anawasiyira tebulo pakona, ndipo ophunzira amapanga mzere ndi mapepala awo kuti awawerengere. Aliyense amamufunsa funso limodzi: pali chimene manja ako amachita chimene sunalembe apa? Alamu ndi amene amawaperekeza, popeza ngakhale laisensi ali nayo, msewu wonse umapuma bwino iwo akakhala ku mpando wa wokwera.

Sabata yatha anandiimbira kuti a ku fakitale avomera kusintha chitsekero, atawatumizira mawu a namwino uja. Anali okondwa kuposa tsiku la upulofesa. Anafuna nambala ya namwinoyo kuti amuuze okha, koma ine ndinalibe, ndipo mwana wanga akuti foni ya pa chipatalapo inafa kalekale.

"Ndiye Loweruka tikwere basi tikamupeze," anatero.

"Achemwali, ulendo wa tsiku lonse chifukwa cha chitsekero?"

"Munthu anandithandiza ntchito. Ndimusiye osamuuza?"

Makasitomala a Loweruka ndawauza kuti abwere Lolemba.